Njira ya Pakati ya Gotama

Aphunzitsi anzanga, mwana wina m'kalasi langa ku Kabwata anandifunsa za Buddha, ndipo ndinasowa coyankha. Mbiri ya ophunzira ace itero: Gotama, mwana wa mfumu ya Asakya kumalire a India ndi Nepal, anasiya cuma zaka zoposa 2,400 zapitazo, nadzizunza ndi njala zaka 6, osapeza mtendere. Atalandiranso cakudya, anzace asanu anamthawa, namuyesa wofooka. Iye anakhala patsinde pa mtengo ku Bodh Gaya, nazindikira kuti zowawa zicokera m'cilakolako. Pamenepo analondola asanu aja ku Sarnath, nawaphunzitsa njira ya mbali 8, yopita pakati pa kudzikondweretsa ndi kudzizunza. Mwa izo muli kunena zoona, nchito yolungama ndi kuyang'anira mtima. Woyamba kumvetsa anali Kondanna, mmodzi wa omthawa aja.