Kodi Boma Liombole Kampani ya Lamya? Zimene Zinaoneka ku Zambia

 Madzulo ano tikambirana za lamya. Masiku ano mlimi afunsa mtengo wa mtedza pa telefoni asanasenze thumba, ndipo mwana wokhala ku Joni atumiza ndalama za feteleza pa telefoni yomweyo. Chotero funso lakuti mwini wa kampani ya lamya akhale yani liri la ife tonse. Anthu amafunsa kuti, kampani imene Boma linagulitsa ikayamba kufooka, kodi Boma liiombole? Anansi athu a ku Zambia anayesa njira zonse ziwiri, kugulitsa ndi kulanda, ndipo mbiri yao iri ndi zotiphunzitsa.

Tiyambe ndi kale. Waya woyamba wa telegalafu unafika kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo anauyala ndi a kampani ya Cecil Rhodes yochedwa African Transcontinental Telegraph Company. Unadzera ku Tete, ku Blantyre ndi ku Zomba, nutsata nyanja kufikira ku Karonga, nukathera ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika. Pambuyo pake nchito ya lamya inakhala m'manja mwa Boma pamodzi ndi nchito ya makalata, ndipo kwa zaka zambiri munthu wofuna kuimba lamya anali kupita ku positi ofesi.

Ku Zambia Boma linakhazika bungwe la makalata ndi lamya mu 1975. Mu 1994 bungwelo linagawidwa pawiri: makalata anapita ku Zampost, lamya inapita ku Zamtel. Kuno kwathu zinachitika chimodzimodzi m'chaka cha 2000, pamene kunabadwa kampani ya Malawi Telecommunications Limited, imene ambiri aidziwa ndi dzina lakuti MTL. Mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anayamba waimitsa malonda a MTL, koma pambuyo pake analola, ndipo magawo 80 mwa 100 anagulidwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Press Corporation, Boma litatsala ndi magawo 20.

Nanga makampani awa anafooka bwanji? Chifukwa chachikulu ndi telefoni ya m'manja. Kuno TNM inayamba mu 1995, Celtel inafika mu 1999, ndiyo imene inasanduka Zain, kenaka Airtel. Lamya yakale ifuna mitengo ndi waya wofika pa khomo liri lonse, ndipo mbala zimadula wayawo chifukwa cha mkuwa wake. Koma nsanja imodzi ya telefoni ya m'manja itumikira midzi yambiri. Anthu a kumudzi, amene sanaone waya pa khomo pao chiyambire, analumpha lamya yakaleyo nagula ya m'manja. Kampani zakale zinatsala ndi anchito ochuluka, makina okalamba ndi ngongole.

Umu ndi m'mene Zamtel inaliri pofika 2010. Inali ndi anchito oposa 2,000, ndipo pa telefoni za m'manja inali pambuyo pa MTN ndi Zain. M'mwezi wa June chaka chimenecho, Boma la Pulezidenti Rupiah Banda linagulitsa magawo 75 mwa 100 kwa kampani ya Boma la Libya yochedwa LAP Green pa mtengo wa madola 257 miliyoni a ku America. Boma la Zambia linatsala ndi magawo 25. Eni atsopanowo anachotsa anchito ambiri, nayamba kukonza makina ndi kukopa olembetsa atsopano. Koma otsutsa Boma, makamaka Bambo Michael Sata, ananena kuti mtengowo unachepa ndi kuti malondawo anachitikira m'chibisibisi.

Tsono chaka cha 2011 chinasintha zonse. Ku Libya kunabuka nkhondo, chuma cha dzikolo chokhala kunja chinatsekeredwa ndi bungwe la United Nations, ndipo Muammar Gaddafi anaphedwa m'mwezi wa October. Ku Zambia Bambo Sata anapambana chisankho m'mwezi wa September, naika komiti yofufuza malonda a Zamtel, yotsogozedwa ndi Nduna ya Zachilungamo, Bambo Sebastian Zulu. Komitiyo inapeza kuti malondawo sanayende mwa njira yake. M'mwezi wa January 2012 Boma linalanda magawo aja, Zamtel nibwerera m'manja mwa Boma itatha miyezi yosakwana 24 kwa eni achilendo.

Ambiri anakondwa, nati chuma cha dziko chabwerera kwao. Koma a LAP Green sanangokhala chete. Anakadandaula ku mabwalo a milandu, ndipo mlanduwo unatenga zaka. Mu 2017 bwalo lalikulu la ku London linalamula kuti Boma la Zambia lilipire madola 380 miliyoni. Taonani bwino chiwerengero chimenechi. Mtengo wogulitsira unali 257, mtengo wobwezera ndi 380, ndiko kuti kupitirira ndi madola 123 miliyoni. Ndalama zotere zichokera m'msonkho, ndipo msonkho aupereka ndi mlimi wa ku Chipata ndi Katete pogula sopo, mchere ndi palafini. Ndiponso m'zaka zotsatira Zamtel inakhalabe pambuyo pa MTN ndi Airtel.

Inu mafumu mudziwa mlandu wotere pa bwalo lanu. Munthu agulitsa ng'ombe ya mbumba osafunsa abale ake. Abalewo akwiya, nakamasula ng'ombeyo usiku m'khola la wogula. Mlandu ukafika pa bwalo, wogula uja anena kuti, ndinalipira, ndinaidyetsa, ndinaibayitsa mankhwala. Pamenepo mbumba ilipira ng'ombe ndi chindapusa pamwamba pake. Cholakwa choyamba chinali cha wogulitsa mobisa, koma chachiwiri chinali cha omasula usiku. Zolakwa ziwirizi zinaoneka pa nkhani ya Zamtel.

Tisaiwale kuti ofuna kuombola ali ndi mau omveka. Iwo akuti, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Wamalonda amanga nsanja kumene kuli anthu ambiri ndi ndalama, ndipo midzi ya kutali m'mapiri aisiya. Boma lingathe kufikitsa lamya kumene kulibe phindu, chifukwa kumenekonso kuli chipatala, sukulu ndi anthu opereka msonkho. Ndiponso waya waukulu wa intaneti uli ngati mseu, umene suyenera kutsekedwa ndi munthu mmodzi. Mau awa ndi oona. Koma mbiri itionetsa kuti kusintha mwini pakokha sikuchiritsa kampani. Zamtel inadwala iri m'manja mwa Boma isanagulitsidwe, chifukwa chake kubwerera ku Boma sikukanakhala mankhwala pakokha. Kampani ichira pamene ipeza ndalama zogulira makina atsopano, oyang'anira odziwa nchito amene sasinthidwa pa chisankho chiri chonse, ndi olembetsa olipira ngongole zao, kuphatikizapo maofesi a Boma lomwelo.

Chotero, pamene Phungu wanu kapena Nduna ifika pa msonkhano ndi nkhani yogulitsa kapena kuombola kampani, musangoomba m'manja. Funsani mtengo wake, ndi amene anauyesa. Funsani ngati mwini wakale wabvomera, kapena ngati kutsogolo kuli mlandu. Funsani kuti ngongole za kampaniyo adzalipira ndani, ndi kuti ndalamazo zidzachotsedwa pa nchito iti, ya feteleza kodi, ya mankhwala kodi, kapena ya miseu. Potsiriza funsani kuti nsanja idzafika liti m'dera lanu, pakuti ichi ndicho chimene mudzi udzaona ndi maso. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ine maganizo anga ndi awa: Boma lingathe kuombola kampani ya lamya ngati pali nchito yofunika imene wamalonda wakana kuichita, koma liombole pa mtengo wogwirizana, poyera, Nyumba ya Malamulo itaona mapepala onse. Kulanda mwaukali kunadyera anansi athu ndalama zambiri, ndipo kugulitsa mobisa ndiko kunayamba mlanduwo. Mafumu, nkhani iyi mukaikambe ndi anthu anu pa bwalo.