Chimbudzi Chitasanduka Mankhwala

Ku Mchinji, kuchokera pa Kamwendo mpaka kumalire a Mwami, mwana amakula akudziwa kuti chimbudzi n'chokwirira ndi kuwaza phulusa. Kolera ya 2022 inakumbutsa anthu chifukwa chake.

Komatu ku China, zaka zoposa 1,600 zapitazo, sing'anga Ge Hong ankamwetsa otsekula m'mimba madzi osungunulira chimbudzi. Mu 1958, ku Denver, dokotala Ben Eiseman anachiritsa odwala anayi powapopera m'matumbo chimbudzi cha munthu wathanzi, tizilombo tothandiza n'kubwereramo.

Lero wopereka chimbudzicho amayamba wayezedwa kuchipatala. Ngakhale zili choncho, mu 2019 wodwala wina ku America anamwalira atapatsiridwa tizilombo tosamva mankhwala. Woyesera kunyumba alibe labotale, ndipo akhoza kudzilowetsera kolera, taifodi kapena njoka zam'mimba.