Mbiri ya microRNA ndi kufalikira kwa khansa ya chiwindi

Mu 1993, gulu la Victor Ambros la ku yunivesite ya Harvard linkafufuza kakulidwe ka kanyongolotsi ka m'nthaka kotchedwa Caenorhabditis elegans, ndipo linapeza kuti jini yake ina, lin-4, sipanga puloteni monga amachitira majini ambiri, koma imatulutsa kachidutswa ka RNA ka zilembo pafupifupi 22. Chaka chomwecho Gary Ruvkun anaonetsa kuti kachidutswako kamamatirira pa uthenga wa jini ina n'kuletsa kuti puloteni yake ipangidwe. Ambiri ankati zimenezi n'za nyongolotsi zokha mpaka mu 2000, pamene kachidutswa kena, let-7, kanapezekanso mwa anthu. Tizidutswati tinatchedwa microRNA mu 2001, ndipo akatswiri awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2024.

M'chiwindi, kachidutswa kochuluka kuposa tonse ndi miR-122, kamene kamathandiza maselo kuti asataye chikhalidwe chawo. Khansa ya chiwindi imaopsa kwambiri maselo a chotupa akamasuka kwa anzawo, n'kuboola minyewa yowazungulira ndi kulowa m'mitsempha ya magazi, makamaka mtsempha waukulu wochokera kumatumbo, chifukwa zikatero opaleshoni sithandizanso kwenikweni. Kafukufuku wa mu 2007 anaonetsa kuti kachidutswa kena, miR-21, kamachuluka m'zotupa zoterezi ndipo kamatsekereza PTEN, jini yoletsa maselo kuswana mosalamulirika, kotero kuti maselowo amayenda ndi kuboola mosavuta. Mu 2009 kunadziwika kuti miR-122 ikachepa, puloteni ya ADAM17, yomwe imadula mapuloteni ena pakhungu la selo, imachuluka, ndipo chotupa chimafalikira m'chiwindi momwemo. Mbewa zimene anazichotsera miR-122 zinayamba kudwala khansayi zitakula, monga mmene magulu awiri a ofufuza analengezera mu 2012.

Kusandutsa nzeruzi kukhala mankhwala ndiko kwavuta, popeza kachidutswa kamodzi kamalamulira majini ambirimbiri nthawi imodzi, ndiponso thupi limatha kukaona ngati mdani. Mankhwala a MRX34, otsanzira kachidutswa kotchedwa miR-34, anayamba kuyesedwa pa odwala khansa ya chiwindi mu 2013, koma kuyesako kunaimitsidwa mu 2016 odwala ena atamwalira chifukwa chitetezo cha m'thupi mwawo chinalusa mopitirira. M'maiko monga Mozambique, kumene khansayi imayamba kwambiri ndi hepatitis B komanso poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga, chimene chikuteteza anthu pakali pano ndi katemera wa hepatitis B wa ana ndi kuumitsa bwino zokolola.