Panorama

Panorama ndi chithunzi chosonyeza malo mbali zonse, monga momwe munthu amaonera akaima pamodzi n'kumatembenuka. Mawuwa ndi ochokera ku Chigiriki: "pan" ndiye kuti zonse, "horama" ndiye kuti chooneka. Mawuwa anatchuka chifukwa cha Robert Barker, katswiri wojambula amene mu 1787 analembetsa luso lojambula mzinda pakhoma lozungulira, oonera n'kuima pakati. Mu 1793 anatsegula nyumba yoonetsera zithunzi zotere ku Leicester Square mumzinda wa London.

Masiku ano mawuwa amanenanso kanema wojambulidwa ndi kamera ya magalasi awiri kapena kuposerapo, yotola madigiri onse 360. Kamera yotere itaikidwa pakati pa bwalo la mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, woonera amene wavala chipangizo cha VR (virtual reality, luso loonetsa malo ngati kuti munthu ali pomwepo) kumaso angathe kuona ovina ngoma patsogolo pake, n'kucheuka kuona khamu la anthu kumbuyo.

Ochita kafukufuku amasiyanitsa kanemayu ndi VR yopangidwa ndi kompyuta. Mu panorama woonera amangotembenuza mutu, sangachoke pamene kamera inaima, pomwe mu VR ya kompyuta amayenda, kuwerama ndi kuyandikira chinthu. Kawirikawiri ochita kafukufukuwa amayeza kukula kwa maganizo oti munthu alidi pamalopo, komanso chizungulire ndi mseru. Chizungulirechi chimavuta kwambiri kamera ikamayenda, chifukwa maso amaona kusuntha pomwe ziwalo za m'kati mwa khutu zikuuza ubongo kuti thupi lili pamalo amodzi.