Ku Chawe ndi tawuni ya m'tsinde mwake

Hotela ya Ku Chawe idakhala m'mphepete mwenimweni mwa phiri la Zomba, pamwamba pa msewu wokhotakhota umene anyamata amaimiramo ndi timbale ta mabulosi kudikira galimoto za alendo. Lero ili m'manja mwa kampani ya Sunbird, eni ake a Mount Soche ku Blantyre, Capital ku Lilongwe ndi Nkopola ku Mangochi. Ena mwa ogona kuno amabwerera misonkhano. Amafika kutada, kuothako moto, m'mawa n'kulowa m'holo. Tawuni ya Zomba m'munsimo amangoionera pawindo, zomwe n'zodandaulitsa, pakuti kumeneko n'kumene boma la dziko lino lidakhala zaka zoposa 80.

Mu 1886 John Buchanan, mlimi wa khofi wochokera ku Scotland, adamanga nyumba ya kazembe wa Britain m'tsinde mwa phirili. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, adalowa m'nyumba yomweyo, Zomba n'kukhala likulu. Azungu adakopeka ndi kamphepo kozizira komanso madzi a mtsinje wa Mulunguzi osaphwa ngakhale m'chilimwe. Bwanamkubwa atasamukira ku nyumba ina, yakaleyo, ya nsanja ziwiri zosongoka, idasanduka malo ogona alendo a boma, ndipo pambuyo pake idatchedwa Hotel Masongola.

Alendo olemekezeka ankawakweza kuphiri. Malo oonera patali a Queen's View amakumbutsa ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, pomwe Emperor's View adatchulidwa polemekeza Haile Selassie wa ku Ethiopia. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje.

Mu 1975 Kamuzu Banda adasamutsira likulu ku Lilongwe. Aphungu okha ndiwo adapitiriza kukumana ku Zomba mpaka ndale za zipani zambiri zitabwerera mu 1994. Tawuniyi sidafe chifukwa Chancellor College idali itasamukirako kale mu 1973, ndipo asilikali a ku Cobbe Barracks sadachoke. Chipilala chawo cha njerwa zofiira, chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adafera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chili chiimire m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre, ndipo mayina awo akuwerengekabe kwa aliyense amene angatsike m'galimoto.