Chithunzi Chapsa: Mbiri ya Kamera Yotsika Mtengo

Pa Chichewa, mawu akuti chithunzi ndi apachibale ndi mthunzi. Filimu "timaitsuka", ndipo kuwala kukailowerera nthawi isanakwane timati "yapsa". Mawu amenewa akuzilala. Achinyamata a ku Malawi amene akukhala ku Zandspruit, mudzi wa zisakasa kufupi ndi Honeydew mu Johannesburg, amajambula ndi foni n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp nthawi yomweyo. Koma agogo awo amene adapita ku Joni ndi Wenela, ulendo umene Dr. Banda adauimitsa mu 1974 ndege ya amigodi itagwa ku Francistown, ankakudziwa bwino kupsa kwa chithunzi.

Munthu wa pa ulendo kawirikawiri analibe kamera yakeyake. Ankavala suti Lamulungu n'kudikira wojambula woyendayenda, ntchito imene ngakhale Santu Mofokeng adayamba nayo ku Soweto asanatchuke. Chithunzicho chinali umboni wopita kwa mkazi ndi kwa amalume wakuti munthu ali moyo ndipo sanatchone. Chikapsa, ndalama yapita, sutiyo mwina inali yobwereka, ndipo wojambulayo sadziwika tsiku lodzabweranso.

N'chifukwa chake ndimaizwa ndi ulemu umene makamera apulasitiki apatsidwa masiku ano. Diana idapangidwa ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960, ndipo nthawi zambiri inkangoperekedwa ngati mphatso ya ana. Holga idatsatira cha mu 1982, yopangidwira mabanja wamba a ku China. Zilema zawo n'zodziwika: diso lake ndi lapulasitiki, kotero pakati pokha ndi pamene pamaoneka bwino, m'makona mumada, ndipo kuwala kumalowera m'ming'alu mpaka mwini wake amachita kumata kamera ndi tepi yakuda. Ukaiwala kupukusa filimu, anthu awiri amatulukira pamalo amodzi ngati mizukwa. Ophunzira a ku Vienna atayambitsa gulu la Lomography mu 1992, zilema zomwezi zidasanduka luso, ndipo mu 2007 Diana idapangidwanso mwadala ndi matenda ake onse, pamtengo umene si wa chidole.

Komatu chilema chachikulu sichinali m'pulasitiki ayi, chinali mu filimu momwemo. Kuyambira m'ma 1950, otsuka zithunzi za Kodak ankayeza mitundu poyang'ana khadi lotchedwa Shirley, lokhala ndi nkhope ya mayi wachizungu. Nkhope yakuda inkamira mu mdima, n'kutsala mano ndi maso. Kamera yabwino inkatha kuchepetsako vutoli. Yotsika mtengo, imene liwiro la chotsekera chake ndi limodzi basi, inalibe pothawira. Pamene boma la tsankho linkafuna kuti nkhope yakuda ioneke bwino, njira idapezeka: makina a Polaroid ankajambula zithunzi za m'mapasi, mpaka antchito ake akuda ku America, motsogozedwa ndi Caroline Hunter ndi Ken Williams, adayamba kutsutsa mu 1970. Kampaniyo idachoka ku South Africa mu 1977.

Sindikunyoza wojambula amene amakonda mdima wa Holga; zithunzi zina zotere n'zokongoladi. Koma iye amasankha mdimawo, ndipo akafuna amatenga kamera ina. M'maalubamu a ku Mzimba, ku Dedza ndi ku Mangochi muli amuna ovala suti amene nsapato zawo zikuwala, koma adzukulu awo amakanganabe kuti agogo ndi uti pakati pa atatu aimirirawo.