Tsamba Laumwini Kapena Facebook: Zoyenera Kudziwa Oyamba Kufalitsa Nkhani ku Chongwe

Acinyamata amene ayamba kulemba nkhani ndi kujambula mavidiyo m'boma la Chongwe ali ndi njira ziwiri zofikira anthu. Yoyamba ndi tsamba laumwini la pa intaneti, limene ambiri amalicha blog. Yaciwiri ndi masamba ocezerapo monga Facebook, TikTok, YouTube ndi WhatsApp.

Ubwino wa masamba ocezerapo ndi wakuti anthu alipo kale. Kutsegula akaunti n'kwaulere, ndipo foni yokhala ndi mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel ndi yokwanira. Munthu amene wajambula mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, umene amatsogolera Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, angaonetse zithunzi zake kwa abale okhala mu Lusaka ndi kunja kwa dziko tsiku lomwelo.

Koma munda umenewu ndi wobwereka. Eni kampani ndiwo amasankha nkhani zimene anthu adzaona, ndipo ali ndi mphamvu yotseka akaunti kapena tsamba lonse. Vine inatsekedwa m'caka ca 2017, ndipo Google+ inatsatira mu 2019. Pa 4 October 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinaleka kugwira nchito padziko lonse kwa maola pafupifupi 6.

Muno m'Zambia, pa 12 August 2021, tsiku la masankho, anthu analephera kulowa pa WhatsApp, Facebook ndi Twitter. Bungwe la Chapter One Foundation linatengera bungwe la ZICTA ku khoti lalikulu, ndipo khotilo linalamula kuti ciletsoco ciimitsidwe. Onse amene anadalira masamba amenewa okha anasowa polankhulira.

Tsamba laumwini limapatsa mlembi ulamuliro pa zolemba zake. Blogger, imene inayamba mu 1999, ndi WordPress ya mu 2003, zimalola munthu kutsegula tsamba popanda kulipira. Wofuna dzina lakelake la tsamba amalipira caka ndi caka. Nkhani yofotokoza kalimidwe ka cimanga kapena mbiri ya Chalimbana University imapezekabe pa Google patapita zaka, pamene ya pa Facebook imakwiririka m'masiku ocepa.

Vuto lake ndi lakuti owerenga sabwera okha, ndipo pamapita miyezi tsamba lisanadziwike. Nalonso lingatsekerezedwe, monga zinacitikira tsamba la Zambian Watchdog mu 2013.

Malamulo a dziko amakhudza njira zonse ziwiri. Mu April 2025, Zambia inakhazikitsa malamulo atsopano awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo la 2021. Wofalitsa nkhani ayenera kutsimikiza zimene walemba, cifukwa kuipitsa mbiri ya munthu ndi kuba zithunzi za ena kungamufikitse ku khoti.

Motero njira yanzeru ndi kugwiritsa nchito zonse ziwiri, iliyonse pa nchito yake. Woyamba ayambire kumene kuli anthu, koma nkhani zazitali azisunge pa tsamba lake, ndipo masamba ocezerapo akhale oitanira owerenga. Asungenso zithunzi ndi mavidiyo ake pa kompyuta kapena pa memori kadi, kuti tsiku limene akaunti idzatsekedwa, thukuta lake lisapite pacabe.